Mmene Alimi a ku China Asungira Mizu ya Mankhwala

Si mbeu zonse zimene munthu alimira chakudya. M'dziko la China muli alimi ambiri amene minda yao ndi ya mizu ya mankhwala yokhayokha, imene amagulitsa kwa asing'anga ndi kwa eni masitolo a mankhwala a makolo a kumeneko. Ina mwa mizu imeneyi ikhwima m'chaka chimodzi monga mbatata, koma ina imatenga zaka. Muzu wotchuka uja wa ginseng, umene eni ake amati renshen, ulimidwa kwambiri m'chigawo cha Jilin, kumpoto cha kum'mawa kwa dzikolo, m'tsinde mwa mapiri a Changbai, ndipo mlimi amaudikira zaka 5 kapena 6 asanaukumbe. Akakumba, nthaka ija sibvomeranso ginseng wina kufikira patapita zaka zambiri. Tsono taganizani munthu amene wapalira ndi kumangira mbeu yake mithunzi zaka 6, mizu yake n'kumuolera m'dengu masabata awiri asanathe. Chifukwa chake anthu a kumeneko amayesa kusunga muzu ntchito yaikulu yolingana ndi kulima kumene.

Choyamba chimene tiyenera kumvetsa ndi chakuti muzu wokumbidwa sunafe ai. Ngakhale tauchotsa m'nthaka ndi kuudula masamba, ukali kupuma: ukoka mpweya wabwino nutulutsa woipa, ndipo popumapo umadya chakudya chimene unadzisungira, nutulutsa kutentha ndi chinyezi. Aliyense amene anapisapo dzanja pakati pa mulu wa mbatata zokumbidwa dzulo adziwa kufunda kumene tikunena. Ndiponso muzu wauwisi ngwodzala madzi. Pa mapaundi 10 a ginseng wongokumbidwa kumene, mapaundi 7 kapena kuposerapo ndi madzi. Pamene khasu latema, kapena kamuzu kathyoka, pali bala, ndipo pa bala lonyowa ndi lofunda ndi pamene nkhungu ilowera. Chotero njira zili ziwiri zokha. Kapena mlimi ausunge muzu uli moyo, pa malo ozizira ndi a chinyezi onga m'nthaka mmene unachokera, kuti upume pang'onopang'ono ngati uli m'tulo. Kapena auphe msanga ndi nthunzi, moto kapena dzuwa, nauumitse kotheratu. Mizu yambiri imene itayika imatayika chifukwa mwini wake sanachite chimodzi mwa ziwirizi, koma anaitsuka, naithira m'thumba ili yonyowa, naisiya m'nyumba yofunda kuti adzaganize mawa.

Muzu umodzi, mankhwala atatu

Wina angafunse kuti, nanga bwanji osangoyanika mizu yonse, nkhani n'kutha? Yankho lake ndi lakuti asing'anga a ku China sayesa muzu wauwisi ndi wouma mankhwala amodzi. Jinja wamuwisi amamutcha shengjiang, nampatsa munthu amene wagwidwa ndi chimfine cha mphepo kapena amene alikusanza. Jinja wouma ali ndi dzina lina, ganjiang, ndipo amati ntchito yake ndiyo kufunditsa m'mimba. Akatswiri a masiku ano anapima naona kuti kusiyanaku sikuli m'dzina mokha, pakuti jinja akamauma pa moto, zina za m'kati mwake zimasandulika n'kukhala zowawa koposa poyamba.

Chitsanzo choposa ndi muzu wotchedwa dihuang. Mbeu yake njaifupi, ya masamba a ubweya ndi maluwa ofiirira, ndipo muzu wake ukunga kambatata kowonda kachikasu. Wabwino koposa uchokera ku dera la Jiaozuo m'chigawo cha Henan, kumene kale kunali kutchedwa Huaiqing. Muzu umodzi womwewu umagulitsidwa mitundu itatu. Wauwisi amati ngwoziziritsa thupi, ndipo amasinja n'kufinya madzi ake kupatsa wodwala amene watentha kwambiri. Wouma pa moto umada m'kati nufewa ngati phula. Wachitatu ndi umene amauphika pa nthunzi, kawirikawiri pamodzi ndi mowa wa mpunga, kufikira ude bii ndi kunyezimira. Akale ankauphika ndi kuuyanika kasanu ndi kanai. Umenewu amati suziziritsanso koma ufunditsa pang'ono, ndipo amaupatsa anthu ofooka kuti uonjezere magazi. Sing'anga akalemba kuti afuna wauwisi, wamasitolo sangampatse wakuda uja m'malo mwake. Ndiye kuti wina ayenera kuusunga muzuwo uli moyo kuyambira pa nthawi yokumba, m'mwezi wa October kapena November pamene kumeneko kuyamba kuzizira, mpaka wodwala adzafike.

Buku la Boma la China la malamulo a mankhwala, limene linatuluka koyamba m'chaka cha 1953 ndipo likonzedwanso nthawi ndi nthawi, lilamula kuti dihuang wauwisi akwiriridwe mumchenga ndi kutetezedwa ku chisanu. Khungu lake nlopyapyala, ndipo asanakwirire amayamba asankha, kuchotsa wotemeka ndi wotupsika yense kuti apite ku moto. Akale anali ndi kasankhidwe kao kamene Li Shizhen anakalembanso m'buku lake lalikulu la Bencao Gangmu, limene anatsiriza m'chaka cha 1578 ndipo linasindikizidwa mu 1596, iye atamwalira kale. Ankaponya mizu m'madzi: yoyandama ankaiyesa yachabe, ndipo yomira ndiyo inali ya mankhwala. Mlimi aliyense amene anayesapo mbeu m'madzi aona nzeru yake, pakuti chomira nchodzala m'kati.

Nkhuti za jinja

Pa kusunga muzu uli moyo, palibe amene aposa alimi a jinja a ku Shandong, m'madera a Laiwu ndi Anqiu. Bvuto lao nlakuti jinja ndi mbeu ya maiko ofunda, koma kwao nyengo yozizira madzi amaundana. Bvutoli nlakale. Jia Sixie, munthu wa ku Shandong komweko amene analemba buku la ulimi lotchedwa Qimin Yaoshu pakati pa zaka za 533 ndi 544, analangiza kale kuti ku maiko ozizira a kumpoto jinja amkumbire dzenje namkwirire pamodzi ndi mankhusu.

Nkhuti yao si yosaya monga yathu ya mbatata. Amakumba ngati chitsime, pakamwa pongokwana munthu mmodzi, kuya kwake mamita 5 kufikira 7, ndiko kunena mafiti 20 kapena pafupi. Pansi pake amaboola zipinda ziwiri kapena zitatu zolowa cham'mbali. Pa kuya kotere nthaka simva za kunja; kaya pamwamba pagwe chisanu, kaya kutenthe, m'katimo mukhala chimodzimodzi. Ichi nchofunika chifukwa jinja ngwobvuta kumkondweretsa. Afuna madigiri 11 kufikira 13 pa muyeso wa Celsius, ndi mpweya wa chinyezi chambiri. Kukazizira kupyola madigiri 10 amapsa ndi mphepo, nafewa, nachucha madzi; kukafunda kupitirira 15 amayamba kuphukira, ndipo mphamvu yake ithera m'mphukira.

Amamkumba chisanu choyamba chisanagwe. Samtsuka ai, koma amangosansa dothi lalikulu, nadula mapesi kusiya kachitsa kakafupi, namtsitsira m'nkhuti msanga. Pansi amayala mchenga, pamwamba pake jinja, kenaka mchenga, kenaka jinja, kufikira chipinda chitsale pang'ono kudzala. Mchengawo amauyesa ndi dzanja: ukaufumbata ugwirane, koma ukauponya pansi umwazike. Ukachucha madzi pakati pa zala ngwonyowa kopambana, ndipo jinja adzaola; ukakana kugwirana ngwouma, ndipo udzamwa madzi a jinja mpaka akwinyike.

Masabata oyamba ndiwo oopsa. Jinja watsopano, wodzala mabala, amapuma mwamphamvu, ndipo nkhuti imafunda kwambiri. Mlimi wosadziwa amafulumira kutseka pakamwa poopa mphepo, ndipo apo ndipo aphika mbeu yake yonse. Wodziwa amasiya pakamwa potseguka, kungophimbapo ndi mphasa kuti mvula isalowe, kufikira kutentha kutsike. Pa nthawi imeneyi tizitsa tija timafota n'kugwa tokha, mabala amapola, ndipo khungu limakhuthala. Pamenepo ndipo amatseka. Jinja wolowa bwino chotere akhala chaka chathunthu ndi kupitirira, ndipo mwini wake agulitsa pamene mtengo wakwera, osati pamene aliyense ali ndi jinja pakhomo.

Koma pali chenjezo limene sitingalidumphe. Mpweya woipa umene mizu itulutsa ngwolemera, ndipo umakhazikika pansi pa chitsime. Suoneka, sununkha. Anthu afera m'nkhuti zotere, ndipo kawirikawiri samafa mmodzi, chifukwa wachiwiri amatsika kukapulumutsa woyamba nagwa nayenso. Lamulo la alimi a kumeneko ndilo kutsegula pakamwa nthawi yaitali, kenaka kutsitsa nyali kapena kandulo yoyaka pa chingwe. Ikazima, munthu asatsike. Masiku ano ambiri amayamba apopera mpweya m'kati ndi makina. Ife a nkhuti zosaya ngoziyi sitiiganizira, komatu okumba zitsime aidziwa bwino.

Mdani wina wa m'nkhuti ndi kantchentche kakang'ono kamene mphutsi zake zimaboola jinja. Alimi ena aulesi apezekapo akuthira mankhwala oletsedwa ophera tizilombo pa jinja yemweyo, chinthu choipa ndithu pa muzu woti akamwe wodwala. Osamala amasesa nkhuti chaka ndi chaka, nataya mchenga wakale, namanga nsalu ya timaso ting'onoting'ono pakamwa.

Tsono kuzizira kumene kupha jinja ndiko kukondweretsa ginseng, pakuti iye kwao ndi ku mapiri a chisanu. M'firiji ya m'nyumba, mmene mumakhala madigiri 4 kapena pafupi, ginseng wosatsuka akhala masabata angapo ali bwino, pamene jinja wosiyidwa momwemo nthawi yaitali amafewa. Muzu uliwonse ufuna kuzizira kwa nthaka ya kwao. Osaka ginseng wa m'thengo ku mapiri a Changbai anadziwa kalekale kasamalidwe kake. Sakumba ndi khasu, koma amafukula pang'onopang'ono ndi kamtengo kosema pa fupa la nyama yonga nswala, ndipo atha kutaya maola ambiri pa muzu umodzi kuti kamuzu ngakhale kamodzi kasaduke. Akautulutsa amaugoneka pa ndere zonyowa za pa miyala, nawazapo dothi la pomwe unamera, naukulunga m'khungwa la mtengo wa birch, namanga. M'phukusi lotere muzu upuma, suuma, ndipo sukhuzika pa ulendo wa masiku ambiri wotsika m'phiri. Mizu ya bango, imene asing'anga ao amaifuna yauwisi pa matenda a kutentha thupi ndi ludzu, ilibe mwambo wotere. Amangoikwirira mumchenga wonyowa.

Kupha muzu kuti mankhwala atsale

Amai athu akafuna mfutso wabwino sangoyanika masamba auwisi, koma amayamba awafutsa. Alimi a mizu ku China achita chimodzimodzi, ndipo chifukwa chake nchimodzi. M'kati mwa muzu muli mphamvu ina yonga ija ya m'chimera imene isandutsa phala kukhala thobwa lotsekemera. Akatswiri amaitcha enzyme. Mphamvu imeneyi sileka ntchito muzu ukakumbidwa, ndipo ngakhale muzu utauma imadzukanso ikaona madzi, niyamba kuphwanya mankhwala omwewo amene tikufuna. Chimene chimaipha ndi kutentha.

Muzu wa huangqin uonetsa zimenezi poyera. Ngwachikasu m'kati, koma ukabvumbwa ndi mvula pa thandala, kapena wina akauviika m'madzi ozizira kuti ufewe aulenge, umasanduka wobiriwira, ndipo mphamvu yake yachepa. Chotero lamulo ndi lakuti auwiritse m'madzi obwadamuka mphindi 10, kapena auike pa nthunzi theka la ola, asanaulenge. Ku Bozhou m'chigawo cha Anhui, kumene kuli msika waukulu wa mankhwala otere, muzu wa duwa lotchedwa baishao amauwiritsa, naupala khungu, nauyanika. Ginseng wofiira, amene ambiri amayesa ndi mtundu wina wa mbeu, ndi ginseng yemwe uja: amamtsuka mosamala, namuika pa nthunzi maola 2 kapena 3, namuumitsa kufikira alimbe ngati nyanga. Wotere akhala zaka zambiri osaonongeka.

Si mizu yonse ikonda dzuwa. Danggui, wa ku mapiri ozizira a Min m'chigawo cha Gansu, mphamvu yake ili m'mafuta onunkhira amene dzuwa laukali limawauluza. Amamsiya afote pang'ono, nammanga timitolo, namuika pa tsanja m'nyumba, pansi pake nasonkha moto wa utsi wopanda malawi, monga tichitira ndi ngala za mbeu pamwamba pa moto wa m'khichini. Dihuang nayenso afuna moto woleza. Moto ukapsa mtima, kunja kumauma gwa n'kutsekera madzi m'kati, ndipo muzu wooneka wouma udzaolera m'thumba. Chifukwa chake amamuotcha pang'onopang'ono masiku angapo alikumtembenuza, namchotsa pa moto, namuunjika masiku ena kuti madzi a m'kati atulukire kunja, nambwezeranso pa moto. Eni ake amati muzu ulikutuluka thukuta. Kuunjika kumeneku nkosiyana ndi kuja tinakudzudzula poyamba, pakuti muzu uwu wafa kale ndi moto, ndipo mwini wake alikuuyang'anira tsiku ndi tsiku.

Pali muzu umodzi umene tiutchula mwamantha. Fuzi, wa ku Jiangyou m'chigawo cha Sichuan, akumbidwa nthawi ya kutentha, kuyambira kumapeto kwa June mpaka kuchiyambi kwa August, ndipo amaola m'masiku owerengeka. Chotero amamuviika msanga m'madzi a mchere wowawa. Koma uyu ali wamuwisi ndi poizoni wakupha. Kumuviika, kumuwiritsa, kumtsukuluza ndi kumuika pa nthunzi ndiko kumachepetsa ululu wake, ndipo ntchitoyi njofuna anthu ophunzira. Ku Yunnan anthu amafa ndithu chifukwa chodziphikira okha muzu wa mtundu umenewu pamodzi ndi nyama.

Muzu wouma sunapulumuke

Buku la malamulo lija linena kuti ginseng wouma asakhale ndi madzi opitirira magawo 12 pa 100. Mlimi alibe chopimira, koma ali ndi makutu: muzu wa ufa wouma bwino uthyoka ndi phokoso, wosauma umangopindika. Obvuta ndi mizu ya shuga ndi ya mafuta, monga dihuang, dangshen ndi danggui, imene sithyoka konse, ndiponso imamwa chinyezi cha mumpweya. M'madera a mtsinje wa Yangtze mvula ya mvumbi imagwa mu June ndi July kuli kotentha, ndipo m'masabata amenewo mizu imafewa, nichita nkhungu, ndipo tizilombo tonga anankafumbwe timaswana.

Eni masitolo akale anali ndi mtsuko wa laimu. Pansi pa mtsuko waukulu ankaika zibuma za laimu wosathira madzi, pamwamba pake kachisasa ka nsungwi ndi pepala, kenaka mizu ya mtengo wapatali yokulunga bwino kuti isakhudze laimuyo, nabvundikira zolimba. Laimu amamwa chinyezi chonse cha mumtsuko, ndipo zibuma zija zikasungunuka kukhala ufa, ndiye kuti wakhuta, aike wina. Analinso ndi nzeru yogoneka mankhwala awiri pamodzi kuti lina lisunge linzake. Muzu wa zexie umafumbwa msanga, ndipo khungwa la muzu wa mudan limasuluka mtundu. Koma akaziika m'bokosi limodzi, amati zexie safumbwa ndipo mudan sasuluka.

Muzu umene wachita chuku m'kati utayidwe. Ambiri amaupukuta, nauyanikanso, nati moto wa mumphika udzatsiriza zotsalazo. Si choncho ai. M'chaka cha 1960 ku England kunafa nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitadya chakudya cha mtedza wa chuku wochokera ku Brazil, ndipo pofufuza imfayo akatswiri anapeza poizoni wotchedwa aflatoxin, amene nkhungu zina zimapanga. Poizoniyu amaononga chiwindi, ndipo kuwiritsa kwa pakhomo sikumutha. Ndi yemweyo amene timachenjezana naye pa mtedza ndi chimanga, ndipo pa muzu wa mankhwala ngwoopsa koposa chifukwa womwa wake ndi munthu wodwala kale.

Chinyengo chimene chinafala kwambiri ndi utsi wa sulufule. Muzu wofukizidwa ndi sulufule umayera mbee, tizilombo sitiufuna, ndipo nkhungu siugwira ngakhale usanaume. Apa ndi pamene pali phindu la wonyenga, pakuti muzu wosauma ulemera pa sikelo, ndipo wogula alipira madzi pa mtengo wa mankhwala. Utsiwo umasandulizanso mankhwala ena, monga a mu baishao, ndipo umabvuta anthu a mphumu. Boma la China linachotsa kafukizidwe kameneka m'buku la malamulo la 2005, ndipo mu 2013 linaika malire a utsi wotsalira: mamiligalamu 150 pa kilogalamu ya mankhwala ambiri, ndi 400 pa mitundu 10 imene inazolowera kufukizidwa, monga baishao, dangshen ndi chilazi cha mankhwala chotchedwa shanyao. Chilazi chimenechi, chimene chilimidwa ku Jiaozuo komwe kuja, ndicho ogula odziwa amayesera nacho wamalonda. Amatola kachidutswa, nanunkhiza, nalawa ndi nsonga ya lilime. Chofukizidwa nchoyera ngati choko, chinunkha ngati machesi ongoyatsidwa kumene, ndipo chiwawasa; choyanikidwa moona nchotuwira ngati makaka a chinangwa, ndipo pa lilime chimveka ufa chabe.